Gitala ya ku Japan: mukulipira luso kapena dzina chabe?

Mng'ono wanga adasunga ndalama kwa miyezi 14. Amaimba gitala m'bandi ya achinyamata kutchalitchi kwathu, koma yakeyake adalibe. Ankadalira ya mpingo, gitala yotopa imene imafuna kuichunanso nyimbo iliyonse ikatha. Choncho kandalama kalikonse ka ganyu yokonza mafoni ankakaika pambali, ngakhale nsapato za Khirisimasi adazikana.

Usiku wina adanditumizira chithunzi pa WhatsApp. Inali gitala yamagetsi yofiira, yonyezimira, pamutu pake palembedwa Ibanez.

"Achimwene, iyi ndi ya ku Japan. Mwini wake akuti ndikachedwa mawa ipita. Nditumize ndalama?"

Ndidamuuza kuti ayambe wadikira. Ine si katswiri wa magitala, koma ndimadziwa momwe mawu oti "ya ku Japan" amatigonetsera tulo kuno kwathu. Tidazolowera pa galimoto: ukangomva kuti ndi ex-Japan, mtima umakhala pansi. Ndalama za mwanayu zinali za thukuta, ndiye ndidatenga masiku angapo ndikuwerenga komanso kufunsa anthu oimba. Ndidapeza kuti mbiri yabwino ya magitala a ku Japan ndi yoona ndithu. Vuto ndi loti mbiriyo ikugulitsanso magitala amene ku Japan sadapondeko.

Adayamba ndi kusekedwa

M'zaka za m'ma 1960, gitala ya ku Japan inali chinthu chogulira mwana woyamba kuphunzira. Makampani ngati Teisco ndi Guyatone ankapanga magitala otchipa ambirimbiri, makamaka bandi ya ku America ya The Ventures itagwedeza achinyamata a ku Japan mu 1965. Oimba enieni ankafuna Fender kapena Gibson za ku America basi.

Koma mafakitale aja adali ndi akalipentala odziwa thabwa. Fakitale ya Matsumoku, mumzinda wa Matsumoto, isanayambe magitala inkapanga matebulo a makina osokera a Singer, omwe aja timawaona kwa atelala pakhonde la golosale. Mumzinda womwewo mudali fakitale ina, Fujigen, imene idayamba mu 1960. Pofika m'ma 1970, amisiriwa adali atayamba kumasula magitala a ku America, kuwayeza mbali iliyonse, n'kumapanga ofanana nawo pansi pa maina ngati Greco, Tokai, Aria ndi Ibanez.

Adakopera bwino mpaka eni ake adadzidzimuka. Mu 1977 kampani ya Norlin, imene inali mwini wa Gibson, idasumira ogulitsa Ibanez ku America chifukwa cha kaumbidwe ka mutu wa gitala. Nkhaniyo idathera kunja kwa khoti. Fender idasankha njira ina. Mu 1982 idagwirizana ndi makampani awiri a ku Japan, Kanda Shokai ndi Yamano, n'kukhazikitsa Fender Japan, ndipo ntchito yopanga magitalawo idapita ku Fujigen, fakitale yomwe ija inkapanga Greco. Dan Smith, mmodzi mwa akuluakulu a Fender nthawi imeneyo, adafotokozapo kuti magitala oyamba atafika ku America, antchito ake adatsala pang'ono kulira poona kukongola kwa ntchitoyo. Mu 1985, kampani ya CBS itagulitsa Fender popanda fakitale yake ya ku Fullerton, magitala a ku Japan ndiwo adaisunga kampaniyo pamsika mpaka itakhazikitsa fakitale yatsopano ku Corona.

Ubwino wake uli pati kwenikweni?

Gitala yamagetsi ili ndi mbali ziwiri: ya thabwa ndi ya mawaya. Mphamvu ya amisiri a ku Japan ili pa thabwa, makamaka pakhosi la gitala. Khosi limakhala lowongoka, limalowa bwino m'thupi popanda mpata, ndipo mafureti, tizitsulo topingasa tija chala chimadinapo nsambo, amakhala olingana komanso osalala m'mphepete. Zochunira nazonso zimagwira. Kampani ya Gotoh, imene zochunira zake zimalemekezedwa dziko lonse, ndi ya komweko. Chinanso oimba amayamikira n'choti ukatenga magitala asanu a mtundu umodzi, onse amamveka mofanana m'manja. Sumachita kudalira mwayi.

Kumbali ya mawaya nkhani imasiyana. Pa magitala otsikirapo mtengo, mafakitale ankachepetsa ndalama pa mapikapu, amene amatola kulira kwa nsambo, ndi pa maswitchi. Koma apa pali poyenera kugwira: pikapu yofooka kapena switchi yokhetchera, mmisiri wa mawailesi amasintha tsiku limodzi. Khosi lopindika kapena mafureti osalingana ndi matenda odula, nthawi zina osachizika. N'chifukwa chake gitala ya ku Japan ya zaka 40 imathabe kugwira ntchito pamene ina yatsopano yatopa chaka chisanathe.

Maina anayi amene mudzakumana nawo

Yamaha ndiyo timaidziwa bwino chifukwa cha makiyibodi a m'matchalitchi. Idayamba mu 1887 ku Hamamatsu. Gitala yake ya SG2000, imene idatuluka mu 1976, idatchuka m'manja mwa Carlos Santana, ndipo mpaka lero ndi yodula. Koma Yamaha imene ambiri angaifikire ndi Pacifica, mtundu umene udayamba mu 1990. Pacifica 112 masiku ano imapangidwa ku Indonesia. Ili ndi mapikapu atatu otha kutulutsa mawu oyera a nyimbo zauzimu ndi rumba, komanso mawu olemera a rock. Pa ndalama yochepa, kuiposa n'kovuta.

Ibanez ndi ya kampani ya Hoshino ya ku Nagoya. George Benson wakhala ndi gitala ya dzina lake ku Ibanez kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo Steve Vai adabwera ndi JEM mu 1987, chaka chomwe RG550 idatuluka. Khosi la RG ndi lopyapyala, labwino kwa wa zala zothamanga. Koma Ibanez ili ndi makwerero. Pansi pali GIO, ya oyamba kumene, imene kawirikawiri imapangidwa ku China. Pakati pali Standard ndi Premium, zambiri za ku Indonesia. Pamwamba pali Prestige, ndipo imeneyi ndiyo ya ku Japan. Mtengo wa Prestige imodzi ungagule ma GIO angapo.

Fender Japan ndi ya amene akufuna Stratocaster kapena Telecaster yeniyeni koma ya ku America yawakanika. Zoyambirira za 1982 mpaka 1984, zimene nambala yake imayamba ndi JV, anthu osunga magitala akale amazilimbirana, moti mtengo wake udakwera kwambiri. Woimba wamba sakufunikira JV. Fender Japan ya m'ma 1990 imagwira ntchito yomweyo pa mtengo wotsikirapo. Zina zidalembedwa Made in Japan, zina Crafted in Japan, ndipo zonsezo ndi za ku Japan.

Tokai ndi Greco ndi za okonda zakale. Tokai, ya ku Hamamatsu, idatchuka ndi Springy Sound yofanana ndi Stratocaster komanso Love Rock yofanana ndi Les Paul. Chosangalatsa ndi choti nambala ya gitala inkanena mtengo wake m'sitolo: Tokai LS-80 inkagulidwa 80,000 yen, Greco EG-500 inkagulidwa 50,000 yen. Ndiye nambala ikakhala yaikulu, matabwa ndi zitsulo zimakhalanso zapamwamba. Wogulitsa akakuuzani kuti "ndi Greco" basi, mufunseni nambala. Greco yotsika si yofanana ndi Greco yapamwamba, ngakhale zonse zili zakale.

Chifukwa chiyani zambiri sizipangidwanso ku Japan?

Kuyambira mu 1985 ndalama ya yen idakwera mphamvu kwambiri poyerekeza ndi dola, ndipo kupanga katundu wotchipa ku Japan kudasiya kupindulitsa. Matsumoku idatseka mu 1987. Makampani adasamutsira magitala otsika mtengo ku South Korea, kenako ku China ndi ku Indonesia, n'kusiya odula okha kwawo. Ngakhale ESP ya ku Tokyo, yokondedwa ndi oimba metal, ili ndi mtundu wotchipa wa LTD umene umapangidwa kunja kwa Japan. Choncho dzina la pamutu limakuuzani mwini kampani. Dziko limene gitala idapangidwira muyenera kulifufuza panokha, kuseri kwa mutu kapena pamene khosi lakumana ndi thupi.

Tsiku lokaona gitala

Loweruka tidapita kukaiona, titatengana ndi bambo wina wachikulire amene adaimbapo m'mabandi a m'mahotela ndipo pano amakonza magitala kunyumba kwake. Sadafulumire kuilumikiza ku ampu. Adayamba waitembenuza.

"Iwe mwana, tabwera uwerenge apa," adatero.

Mng'ono wanga adawerenga motsitsa mawu: Made in China. Pamutu paja, pafupi ndi dzina la Ibanez, padalinso tizilembo titatu timene pachithunzi sitidatisamale: GIO. Gitalayo sinali feki. Inali Ibanez yeniyeni, yabwinobwino kwa woyamba, koma mtengo umene ankaitanira udali wa gitala ya makwerero apamwamba. Wogulitsayo adaumirira kuti Ibanez ndi kampani ya ku Japan, ndipo pamenepo sankanama. Mwina nayenso adagula atauzidwa chimodzimodzi.

Tili m'njira, bambo aja adamusisita mnyamatayo paphewa. "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Penti isamakutengeni mtima ana inu. Gitala timagula khosi."

Zimene adatiphunzitsa tsiku limenelo ndi izi. Kwezani gitala muyang'ane khosi kuchokera kumutu, monga kalipentala ayang'anira thabwa; likakhala lopotoka, isiyeni. Yendetsani chala m'mphepete mwa khosi kuti mumve ngati mafureti akubaya. Imbani nsambo iliyonse pa fureti iliyonse, kumvetsera ngati pali pamene mawu akufa kapena kunjenjemera. Dinani pa fureti ya nambala 12: mawu ayenera kufanana ndi a nsambo yosadina, kungoti okwera. Ichuneni, kokani nsambo kangapo, muone ngati yasunga mawu. Kenako lumikizani ku ampu, mupotokole timabatani tonse kuti mumve ngati tikukhetchera. M'kati mwa khosi muli chitsulo chowongolera. Funsani kuti achipotokole pang'ono inu mukuona, chifukwa chikafa, khosi silidzawongokanso. Pomaliza, lembani nambala ya gitala pa Google. Pa Ibanez zambiri, nambala yoyamba ndi F ndi ya ku Fujigen, yoyamba ndi I ndi ya ku Indonesia. Kumbukirani kuti kapepala kolembedwa Made in Japan aliyense angathe kumata, choncho nambala, zitsulo ndi kapangidwe ziyenera kugwirizana.

Nanga kuitanitsa ku Japan komweko?

N'zotheka, ndipo masitolo a kaunjika a kumeneko amadziwika ndi kufotokoza chilema chilichonse cha katundu. Koma werengerani zonse musanasangalale ndi mtengo wa pafoni: ndalama yotumizira, msonkho wa pachipata, ndi mphamvu ya kwacha, imene idatsitsidwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Gitala yooneka yotchipa pa intaneti imafika m'manja itanenepa mtengo, ndipo khosi lake simunaligwirepo. Chenjeraninso ndi ampu. Magetsi a ku Japan ndi a 100V pamene athu ndi a 230V. Mukailumikiza ku khoma popanda chotsitsira mphamvu, mudzangomva fungo la kupsa.

Ndiye gitala ya ku Japan ndi yoyenera ndalama zake? Ngati kuimba ndiyo ntchito yanu, mumakwera pasiteji sabata iliyonse kapena mumajambula m'situdiyo, inde. Prestige, Fender Japan kapena Tokai yosamalidwa bwino mudzakalamba nayo, ndipo tsiku lofuna kuigulitsa simudzataya zambiri. Ngati mukuphunzira kapena mumaimba Lamlungu lokha, gitala yabwino ya ku Indonesia yokhala ndi khosi lowongoka idzakutumikirani kuposa ya ku Japan yodwala imene mwaigula chifukwa cha dzina.

Patatha milungu itatu, bambo aja adatiimbira foni kuti pali Yamaha Pacifica 112 yogwiritsidwapo kale ntchito, yakuda, yokandika pang'ono pathupi. Kuseri kudalembedwa Made in Indonesia. Mng'ono wanga adakwinya nkhope poyamba, koma ataigwira adakhala nayo pafupifupi ola lathunthu osayankhula. Adaigula, ndipo ndalama yotsala idakwanira ampu yaing'ono ndi mapaketi awiri a nsambo.

Lamlungu lotsatira adaimba nyimbo zisanu osagwirako zochunira. Potuluka adandipeza pakhomo la tchalitchi.

"Achimwene, Prestige ija sindinaiiwale ayi. Ndayambanso kusunga."