Ziwengo zobwera ndi madzi a ndudu zamagetsi

Ziwengo zobwera ndi madzi a ndudu zamagetsi ndi vuto limene limayamba pamene chitetezo cha m'thupi chadana ndi chinthu china chopezeka m'madzi othira mu ndudu zimenezi kapena m'nthunzi yake. Ndudu yamagetsi, imene ambiri amangoitchula kuti vape, siwotcha fodya. Ili ndi batire ndi kawaya kamene kamatenthetsa madziwo mpaka asanduke nthunzi yoti munthu akoke. Amene anapanga ndudu ya mtundu umene wafala masiku ano ndi Hon Lik, katswiri wa mankhwala wa ku China, mu 2003. Mavuto ambiri amene osuta amakumana nawo amaoneka ngati ziwengo koma gwero lake ndi lina, ndipo chithandizo choyenera chimadalira kudziwa kusiyana kwake.

Zimene zili m'madziwa

Madzi ambiri amakhala ndi zinthu zinayi. Choyamba ndi propylene glycol, mwachidule PG, yomwe imanyamula fungo ndi kakomedwe. Chachiwiri ndi giliserini wochokera ku mafuta a zomera monga soya, kanjedza ndi kokonati, yemwe ndi wolemerera ndipo amachulukitsa nthunzi. Chachitatu ndi nikotini, ngakhale kuti madzi ena alibe. Chachinayi ndi zokometsera zopatsa fungo la zipatso, maswiti, fodya kapena timbewu tozizira kukhosi.

Zinthu zimene thupi lingadane nazo

PG ndi imene imatchulidwa kwambiri. Imapezekanso m'mafuta odzola, m'mankhwala opaka pakhungu ndi m'zakudya zina za m'mapaketi, choncho munthu akhoza kukhala kuti thupi lake linadana nayo kale asanakhudze n'komwe ndudu yamagetsi. Mu 2018 bungwe la American Contact Dermatitis Society, limene chaka chilichonse limasankha chinthu chimodzi choyambitsa ziwengo zapakhungu kuti madokotala achiganizire, linasankha PG.

Pa zokometsera, chodziwika bwino ndi cinnamaldehyde, amene amapatsa sinamoni fungo lake. Madokotala a khungu anamudziwa kalekale chifukwa amatupitsa milomo ndi nkhama za anthu ena akakhala mu mankhwala otsukira mano kapena mu chingamu. Eugenol, menthol ndi vanillin nazonso zimavuta anthu ena. Chokometsera kukhala chololedwa m'zakudya sizitanthauza kuti ndi chabwino kuchipuma, popeza mapapo alibe njira zogayira zinthu ngati m'mimba.

Nthawi zina vuto limachokera ku chipangizo osati ku madzi. Mawaya ena otenthetsera amapangidwa ndi nickel ndi chromium, ndipo pali anthu amene anatuluka zidzolo m'manja chifukwa cha nickel wa pachikuto cha nduduyo. Munthu amene amayabwidwa ndi ndolo, zibangili kapena chitsulo cha lamba nthawi zambiri amakhala kuti amadana ndi nickel. Komanso kawaya kakatentha mopitirira, PG ndi giliserini zimasweka n'kutulutsa formaldehyde, amenenso ndi wodziwika poyambitsa ziwengo.

Zizindikiro

Ziwengo zimabwera m'njira ziwiri. Yofala ndi yochedwa: pakapita tsiku limodzi mpaka atatu, khungu limene linakhudzidwa limafiira, kuyabwa, kuchita timatuza kapena kung'aluka. Malo ake ndi milomo, kuzungulira pakamwa ndi zala zimene zimagwira madziwo pothira.

Njira ina ndi yofulumira ndipo sichitika kawirikawiri. Pakangopita mphindi zochepa munthu amatuluka zotupatupa zoyabwa, nkhope, lilime kapena kukhosi kumatupa, ndipo amayamba kubanika. Izi zikafika poipa, vuto limene madokotala amalitcha anaphylaxis, magazi amayenda mofooka ndipo munthu akhoza kukomoka ngakhale kufa.

Mapapo nawo akhoza kudana ndi zimene akupuma n'kutupa, matenda otchedwa hypersensitivity pneumonitis. Amafanana ndi chibayo chifukwa munthu amatsokomola, amatentha thupi komanso amapuma movutikira, koma mankhwala opha tizilombo sawachiza. Mu 2019 madokotala a ku Nottingham ku England anafalitsa lipoti la mnyamata wa zaka 16 amene anadwala matendawa atasuta ndudu zamagetsi, mpaka anamuika pa makina ogwira ntchito m'malo mwa mapapo.

Mavuto ofanana ndi ziwengo

Kuuma kukhosi, ludzu ndi kakhosomole kouma nthawi zambiri si ziwengo. PG ndi giliserini zimakoka madzi, motero zimaumitsa m'kamwa ndi kukhosi mwa wina aliyense amene wasuta kwambiri. Kwa odwala mphumu, nthunziyo ikhoza kudzutsa matenda awo.

Nseru, chizungulire, kusanza, thukuta ndi kugunda kwa mtima mothamanga ndi zizindikiro za nikotini wochuluka m'thupi. Nikotini amalowa ndi pakhungu pomwe, n'chifukwa chake alimi ndi antchito a m'minda ya fodya m'Malawi ndi m'mayiko ena amadwala chimodzimodzi akathyola masamba onyowa. Ana aang'ono amene amwa madziwa mwangozi amakhala pachiopsezo chachikulu.

Mu 2019 ku United States kunabuka matenda a mapapo otchedwa EVALI. Pofika mu February 2020, bungwe la CDC linali litawerenga odwala 2,807, ndipo 68 anamwalira. Kafukufuku analoza kwambiri vitamin E acetate, amene ankathiridwa m'madzi okhala ndi THC, mankhwala oledzeretsa a m'chamba. Uku kunali kuvulala kwa mapapo ndi poizoni, osati ziwengo.

Kuyeza ndi chithandizo

Pofufuza ziwengo zochedwa, dokotala amamata pamsana timapepala tokhala ndi zinthu zokayikitsa pang'onopang'ono. Amatichotsa pakatha maola 48, kenako amaonanso khungulo pakapita tsiku lina kapena awiri. Pamene pafiira kapena kutupa ndi pamene pamasonyeza chinthu chimene thupi likudana nacho.

Thupi likadana ndi chinthu, kawirikawiri limakhala lotero mpaka kalekale, choncho chithandizo chachikulu ndi kuchipewa. Mankhwala opaka a steroid amachepetsa zidzolo, ndipo mapiritsi a antihistamine amachepetsa kuyabwa. Munthu amene watupa kukhosi kapena akubanika ayenera kuthamangitsidwa kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa anaphylaxis imafuna jakisoni wa adrenaline. Kusintha mtundu wa madzi sikuthandiza ngati chinthu chomwecho chilimonso mu atsopanowo.

Malamulo a zolemba pa botolo

Lamulo la European Union la 2014, limene linayamba kugwira ntchito mu 2016, limalamula kuti zinthu zimene zili m'madziwa zilembedwe pa paketi, komanso kuti nikotini asapitirire mamiligalamu 20 pa mililita imodzi. Madzi osakaniza pawekha kapena ogulitsidwa opanda chizindikiro sapereka mwayi umenewu, ndipo wodwala amavutika kuuza dokotala chimene wakhala akupuma.