Foloko ya mashoko yagawa amisiri a njinga kwa Katuli

Mnyamata wa kwa Katuli akamabwera kuchokera ku Joni, katundu wake sasowa kumuzindikira: malata, sola, matiresi, wailesi ya masipika aatali, pamwamba pake njinga. Koma njinga imene matilansipota akutsitsa masiku ano si yakuda ija ya mabuleki a ndodo imene makolo adaizolowera. Ndi ya m'mapiri, ya magiya ambiri, matayala a mano, kutsogolo foloko ya mashoko yomwe imatsika ndi kubwerera tayala likagunda mwala. Zina ndi zatsopano, zambiri ndi za kaunjika. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, komanso ndi kusowasowa kwa mafuta, ngakhale amene adazolowera kukwera kabaza wa njinga yamoto ayambanso kuipatsa ulemu yakapalasa. Ntchito yachuluka kwa amisiri, ndipo foloko imeneyi yawabweretsera mkangano.

Tsiku lina la msika, pansi pa mtengo wa mango pomwe bambo wina wachikulire amakonzera njinga, padafika imodzi yomwe idaimitsa anthu. Felemu yake inali ya aluminiyamu, matayala a mainchesi 29, mabuleki a madisiki. Ana asukulu amasinthana kuinyamula ndi dzanja limodzi, aliyense nkumaseka posakhulupirira kupepuka kwake. Mwiniwake, mphwake wa mmisiriyo, adaipeza kwa bwana amene ankamusamalira maluwa ku Johannesburg. Ati kumeneko bwanayo ankaikwera Loweruka lokha, akabwerako nkuitsuka ndi kuipachika pakhoma m'galaja. Kuno yayenda tsiku ndi tsiku, kumunda, kuchigayo, kumzikiti, mpaka ku Namwera ndi ku Chiponde.

Foloko inali itagwa. Miyendo yake iwiri yam'mwamba, yosalala ija, idamira yonse m'miyendo yam'munsi, mahandulo atazyolika. Pakamwa pa mwendo wakumanja pamatuluka oyilo wosakanikirana ndi fumbi, ataundana kukhala phala lakuda. Mwendo wakumanzere unali ndi chipsera chachitali, chokhoza kukola chikhadabo, pamalo pomwe mnyamatayo ankamangirirapo chigubu cha mafuta ophikira ndi mphira ya chubu. Mchenga udalowa pansi pa mphirayo ndipo udapala chitsulo pang'onopang'ono. Mmisiri uja adakankhira mzuli wake kumbuyo, nakanikiza mahandulo ndi manja onse awiri. Foloko idangolira kuti go, osabwerera. Adaizungulira, nafunafuna nati yoti amasule aone sipuling'i, koma pamwamba pa mwendo adangopeza kachivundikiro, pansi pake valavu yonga ya tayala la galimoto. Adayesa pampu yake ya matayala. Foloko idadzuka pang'ono, ana nkuwomba m'manja, koma pochotsa pampuyo mpweya udathawa, njinga nkugwadanso.

Chigamulo cha bambowo chinali chachidule. Adauza mphwakeyo kuti chinthu chosanyamula thumba la chimanga, chofuna pampu yakeyake, sichoyenera munthu wa kumudzi. Achichotse, aikepo foloko yachitsulo yolimba, nkhani ithe. Mnyamatayo sadawayankhe amalume ake mwachindunji, adangoti akaganize kaye. Amene adatsutsa ndi mmisiri wina wachinyamata wa pafupi pomwepo, yemwe naye adakhalako ku Joni ndipo adagwirako ntchito m'shopu ya njinga. Kwa iye folokoyo sidafe. Idangosowa mpweya, oyilo watsopano ndi timphira totchinga fumbi, ndipo kuitaya kukadakhala kutaya chinthu chodula kuposa njinga zonse zomwe zinali pansi pa mtengopo.

Pa mtengo wogulira wachinyamatayo sadaname. Mafoloko a mpweya opepuka kwambiri, omwe amapangira ochita mpikisano, amalemera pakati pa makilogalamu 1.3 ndi 1.5, ndipo apamwamba ake amafika madola 1,000 a ku America kapena kupitirira. Foloko ya sipuling'i yomwe imabwera pa njinga zotchipa imagulidwa pansi pa madola 100, koma imalemera makilogalamu oposa 2, ina kuyandikira 3. Ndiye kuti munthu amalipira ndalama zochuluka chotero kuti achotse kilogalamu imodzi yokha, kuphatikizapo kuyenda kofewa ndi mabatani osinthira. Kwa wothamanga amene akulimbirana masekondi pachitunda, kilogalamuyo ndi nkhani yaikulu. Apa mpamene mkulu uja adagwira mfundo yovuta kuigwetsa: njinga ya kwa Katuli imayenda ndi makilogalamu 50 a chimanga kapena nandolo pakaliyala, nthawi zina ndi mayi wodwala wopita kuchipatala. Pansi pa katundu wotero kilogalamu imodzi simveka. Ndipotu foloko wamba yachitsulo, yopanda mashoko, kulemera kwake sikusiyana kwenikweni ndi ya madola 1,000 ija, kawirikawiri imapepuka kuiposa. Wofuna kupepuka kokha ali nako kale pamtengo wotsika.

Wachinyamatayo adavomera kuti njingayo si ya katundu. Felemu yake ilibe ngakhale mabowo omangirapo kaliyala. Chomwe adakana ndi choti mashoko ndi chidole cha anthu a m'tauni. Njinga zamtunduwu zidayambira m'mapiri a ku California m'zaka za m'ma 1970, ndipo mafoloko a mashoko adayamba kugulitsidwa cha m'ma 1990, chifukwa cha misewu yofanana ndi yathu yomweyi: miyala, mizu, maenje, zitsetse. Aliyense amene adatsikapo zitunda za kuno kum'mawa kwa Mangochi pa njinga yolimba akudziwa mmene manja amachitira dzanzi, mmene tayala lakutsogolo limadumphira pamabampu mpaka buleki osagwira. Foloko yabwino imasunga tayala pansi. Tayala likakhala pansi, njinga imakhota pomwe wokwera akufuna ndipo imaima akaiuza kuima. Mphunzitsi, mlangizi wa zaumoyo kapena wa zaulimi amene amapalasa mtunda wautali ali ndi chikwama chokha kumsana amapindula nazo tsiku lililonse.

Vuto, malinga ndi wachinyamatayo, ndi loti njinga imawoloka malire koma nzeru ya kasamalidwe kake imatsala ku Joni. Foloko ya mpweya imapopedwa molingana ndi kulemera kwa mwiniwake. Pa mwendo umodzi pamakhala kamphira kozungulira. Umakatsitsa mpaka pansi, nkukwera njinga modekha wina atakugwirira, kenako nkutsika osainjanjitsa. Pomwe kamphirako kakwera mpomwe foloko yamira ndi thupi lako. Pa foloko yoyenda mamilimita 100 pafunika kuti imire pafupifupi mamilimita 20, kapena kuti pakati pa 15 ndi 25 peresenti. Ikamira kwambiri umaonjezera mpweya, ikakhala gwa umachepetsa. Anthu ambiri amafuna mpweya wa pakati pa 60 ndi 100 psi, koma chipinda cha mpweyacho nchaching'ono kwambiri moti kampweya kothawa pochotsa pampu wamba kamasokoneza zonse. Nchifukwa chake pali kapampu kapadera, kokhala ndi geji, kofika 300 psi, komwe kamatseka valavu kasanachoke. Pansi pa mwendo wakumanja pali kabatani, kawirikawiri kofiira, kochepetsa kapena kuonjezera liwiro lomwe foloko imabwerera nalo. Kakamasuka kwambiri njinga imakankha manja, kakamangika foloko imachedwa kudzuka ndipo imanka nimira pamabampu otsatizana. Pamwamba pake pali kena kotseka mashoko pokwera chitunda kapena pa tala. Opanga ena amalangiza kuti miyendo yam'munsi itsegulidwe, itsukidwe ndi kuthiridwa oyilo pakatha maola pafupifupi 50 a kuyenda. Kwa bwana wa Loweruka uja imeneyo ndi miyezi ingapo. Kwa munthu wa kwa Katuli, m'fumbi la Okutobala, ndi masabata ochepa.

Mkulu uja atamva za maola 50 adapukusa mutu, nati mnzakeyo wamuthandiza kunena mlandu. Njinga yake yakuda amaipaka girisi, kusintha mabelingi pakafunika, ndipo sipeyala yake imapezeka pa msika uliwonse kuyambira ku Namwera mpaka ku Mandimba. Timphira ta foloko ya mpweya tili ndi saizi yaketake, ndipo kuti utipeze mpaka utumize uthenga kwa m'bale wa ku Joni, udikire tilansipota.

Koma nayo njira yake yongochotsa si yapafupi monga amaganizira. Khosi la foloko ya njinga yakuda ndi la inchi imodzi ndipo lili ndi mazinga. La njinga zamakonozi ndi lalikulupo, lopanda mazinga, ndipo zambiri limatambasuka chakumunsi. Sizilowana. Ngakhale italowa, foloko wamba ndi yaifupi, kutsogolo kwa njinga kumatsika, chiwongolero nkusanduka chopupuluma pachitsetse, ndipo buleki ya disiki imasowa pomangirira. Kuwotcherera nakonso sikutheka. Mafoloko otchipa, a miyendo yachitsulo, amisiri ena amawawotcherera kapena kuwabaya bawuti kuti aume, njinga nkumayendabe. Yodulayi miyendo yake yam'mwamba ndi ya aluminiyamu, yam'munsi ya maginiziyamu, ndipo makina owotcherera a pamsika angoiwononga.

Pakati pa awiriwa, ine ndikuona kuti mkuluyo akulondola pa funso la chogula, wachinyamatayo pa funso la chomwe chafika kale. Munthu wa kwa Katuli amene ali ndi ndalama ya njinga imodzi, yoti idyetse banja, asaitayire pa kupepuka. Koma njinga zabwinozi zili kale m'midzi, zidabwera ndi thukuta la ana athu, ndipo zimandipweteka kuziona zikufa chifukwa chosowa kapampu kolowa m'thumba la jekete ndi timphira tiwiri. Mmisiri mmodzi pa msika atakhala ndi kapampuko, botolo la oyilo woyenera ndi timphira ta masaizi odziwika, monga a mamilimita 30 ndi 32, angapulumutse mafoloko ambiri, nayenso nkupezapo ya ndiwo. Wotumiza njinga kuchokera ku Joni aziika zimenezi m'katoni momwemo. Ndipo pali chisamaliro chosalira tambala: kupukuta miyendo yosalalayo ndi kansalu pofika pakhomo, ndi kusamangirirapo kanthu kalikonse.

Tsikulo nkhani sidathe. Wachinyamata uja adati chipseracho angayese kuchisalaza ndi sandipepa wofewa kwambiri kuti chisamadye timphira tatsopano, ngakhale sadalonjeze kuti timphirato tidzakhalitsa. Mwini njinga adaikankha kubwerera nayo kwawo, ati alembera m'bale wake wa ku Joni pa WhatsApp za timphira.

M'mashopu a pa boma la Mangochi mwadzazanso njinga zatsopano zotchipa, zokhala ndi mashoko kutsogolo, zina ndi sipuling'i yaikulu pakati pa felemu. Makolo amakonda kugulira ana amene asankhidwa kupita ku sekondale yoyendera, chifukwa zimaoneka zamakono. Nzolemera kunyamula, ndipo zambiri dzinja limodzi likadutsa mashoko ake amachita dzimbiri nkuuma okha. Anawo amangopitiriza kuzikwera choncho, awiriawiri, wina atakhala pafelemu.