BEYNAC: MUDZI WA PANSI PA LINGA

Mwezi uno tikufuna kukusimbirani za mudzi wina wa ku France, dzina lake Beynac, umene uli m'mbali mwa mtsinje wa Dordogne, m'chigawo cha Périgord. Anthu ake ndi owerengeka, ngati 500 okha. Koma miyala yake ikadapanda kukhala yosalankhula, ikadatiuza zambiri za mantha a anthu akale ndi nzeru zao.

Munthu akafika pa gombe natukula maso, aona thanthwe lalikulu lotalika mamita ngati 150, ndipo pamwamba pake pali linga. Akulu athu amene anamva za malinga a masiku a nkhondo za Angoni adziwa kale ntchito ya nyumba yotere. Koma linga la Beynac si la mitengo kapena dothi ai: ndi la miyala yosema, ndipo eni dziko anayamba kulimanga m'zaka za m'ma 1100. Pakati pake pali nsanja ya ngondya zinai, ya mazenera opapatiza, kuti muvi utuluke mosavuta koma ulowe movutika. Ku mbali ya mtsinje phompho lokha linali mlonda wokwanira. Ku mbali ya mtunda, kumene adani akadatha kufika ndi miyendo, anamanga makoma awiri nakumbanso maenje awiri.

Kunsi kwa linga nyumba za anthu wamba zinakangamira pa thanthwe, ina pamwamba pa inzake, monga zisa za namzeze. Njira zake ndi zopapatiza, zoyalidwa miyala, zokwera kotero kuti mlendo apuma kawiri katatu asanafike pamwamba. Madenga akale anafoleredwa ndi miyala yaphanthiphanthi yolemera ndithu. Chifukwa chake amisiri anawamanga osongoka, ndi mitanda yolimba, kuti kulemerako kutsamire pa makoma.

Nanga anaoperanji chotere? Pakuti mtsinje unali mseu, ndipo wogwira thanthwe anali wogwira mseuwo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1100 mfumu Richard ya ku England inatenga lingalo nilipereka kwa kazembe wake Mercadier. Richard anafa mu 1199, Mercadier naye anaphedwa ku Bordeaux mu 1200, ndipo linga linabwerera kwa eni ake. Mu 1214 Simon de Montfort analilanda ndi ankhondo ake.

Koma masautso akulu anadza ndi nkhondo ya Angerezi ndi Afalansa, imene inayamba mu 1337 ndi kutha mu 1453. Pamenepo Dordogne anasanduka malire. Beynac anali kumbali ya Afalansa. Patsidya, poonekera ndithu, panali linga lina, la Castelnaud, limene kawirikawiri linali m'manja mwa Angerezi. Taganizani za mai wopita kudambwe m'mawa, mwana kumbuyo, naona tsiku ndi tsiku nsanja ya adani ilikumyang'ana! Agogo anabadwa nafa osaona mtendere weniweni, ndi adzukulu omwe. Mu 1442 ankhondo a mfumu Charles VII anazinga Castelnaud masabata atatu nalilanda, ndipo mu 1453 nkhondo yonse inathera ku Castillon, m'mbali mwa mtsinje womwewo.

Mtendere utabwera, madzi aja anayamba kudyetsa mudzi. Ngalawa zaphanthiphanthi zinasenza matabwa, vinyo ndi zipatso kutsika nazo ku madoko a kunsi, kufikira njanji inazilanda ntchito kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Linga lenileni linakalamba, nilisowa wolisamala. Boma la France linalilemba pakati pa nyumba zoyenera kusungidwa mu 1944, ndipo m'zaka za m'ma 1960 linayamba kukonzedwanso.

Chinthu chimodzi tisachiiwale. Pafupi ndi nsanja, pamphepete penipeni pa phompho, pali tchalitchi cha denga la miyala, chimene kale chinali chopemphereramo eni linga. Pambuyo pake chinakhala tchalitchi cha anthu onse a m'mudzi, ndipo chimatchedwa ndi dzina la Maria Wokwezedwa Kumwamba.

Lero alendo akwera njira zija opanda wowaletsa pa chipata, ndipo Beynac ndi Castelnaud angoyang'anana monga nkhalamba ziwiri zimene zinaiwala chimene zinakanganirana. Makoma anamangidwa kuti atsekereze anthu kunja, koma tsopano ndi omwewo amene awaitana.