Kavalo Wapambana Derby, Nanga Akumupumitsiranji?

Pa 3 Meyi 2025, m'matope a bwalo la Churchill Downs ku Louisville, m'chigawo cha Kentucky ku America, kavalo wa zaka zitatu wotchedwa Sovereignty anapambana mpikisano wa Kentucky Derby. Patangopita masiku ochepa, eni ake a khola la Godolphin ndi womuphunzitsa, Bill Mott, analengeza kuti kavaloyo sakathamanga nawo Preakness Stakes ku Baltimore pa 17 Meyi. Sanavulale, komanso sankadwala. Anangoti apume kaye, adzaoneke pa Belmont Stakes pa 7 Juni.

Anthu okonda masewerawa anakwiya, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Mipikisano itatuyi, Derby, Preakness ndi Belmont, ikaphatikizana imatchedwa Triple Crown, ndipo imachitika m'milungu isanu yokha: milungu iwiri pakati pa woyamba ndi wachiwiri, itatu pakati pa wachiwiri ndi womaliza. Amaloledwa ndi akavalo a zaka zitatu basi, choncho kavalo aliyense mwayi wake ndi umodzi moyo wake wonse. Akavalo 13 okha ndiwo anapambanapo yonse itatu. Atatero Affirmed mu 1978, panadutsa zaka 37 kuti American Pharoah achitenso zomwezo mu 2015, kenako Justify mu 2018. Kuonjezera apo, Preakness wa 2025 anali wa nambala 150. Ndiye wopambana Derby akhale m'khola n'kumadya udzu tsiku lotero?

Yankho lili m'thupi la nyamayi. Kavalo wa mtundu wa Thoroughbred amalemera pafupifupi makilogalamu 500, ndipo mu Derby amathamanga makilomita awiri m'mphindi ziwiri zokha, kutanthauza liwiro la makilomita pafupifupi 60 pa ola. Mtima wake, umene umagunda ka 30 kapena 40 pa mphindi akamapuma, umapitirira ka 220. Kapamba, amene amasunga maselo ofiira a magazi, amadzifinya n'kuwathira onse m'mitsempha kuti mpweya wambiri ufike m'minofu. Magazi amalimba, ndipo mphamvu imene akuyendera m'mapapo imakwera kwambiri moti timitsempha tating'ono timaphulika. Madokotala a ziweto akalowetsa kamera pakhosi mpikisano utatha, akavalo ambiri amapezeka ndi magazi m'njira ya mpweya, ngakhale kuti ndi ochepa amene magaziwo amachita kutulukira m'mphuno. Minofu nayo imakhala itatha shuga amene imasunga, ndipo kavalo amachedwa kumubwezeretsa kuposa munthu: zimatha kumutengera masiku atatu.

Zonsezi milungu iwiri imakwana kuzikonza, kavalo akakhala wathanzi. Vuto lenileni lili m'mafupa.

Kavalo amayenda ndi chala chimodzi pa mwendo uliwonse, ndipo chiboda ndiyo chikhadabo cha chalacho. Akakhala pa liwiro, pamafika nthawi imene thupi lonse, ndi munthu wokwerayo pamwamba, limatsamira pa mwendo umodzi. Mfundo ya pamwamba pa chiboda imapindika mpaka kutsala pang'ono kukhudza dothi. Izi zikachitika kambirimbiri, pophunzira ndi pampikisano pomwe, fupa limachita timing'alu tosaoneka ndi maso, nthawi zina tosaoneka ngakhale pa X-ray. Si zachilendo ayi. Fupa ndi chinthu chamoyo, limadzikonza lokha, ndipo likamagwira ntchito yoyenera limalimbirako.

Koma kakonzedwe kake ndiko kali ndi msampha. Thupi limayamba latumiza maselo ogumula, amene amadya fupa lowonongekalo n'kusiya kadzenje. Pambuyo pake ndi pamene maselo omanga amabwera kudzadzaza kadzenjeko ndi fupa latsopano. Zili ngati anthu okonza msewu wa phula: amayamba akumba pamene pang'ambika, ndipo kwa kanthawi msewuwo umaipa kuposa mmene unalili asanabwere. Kugumula kumatenga milungu yochepa, koma kumanga mpaka fupa litalimba kumatenga miyezi. Kavalo akathamangitsidwa mwamphamvu ming'alu ikuchuluka kuposa mmene thupi likukonzera, tsiku lina fupa limangoti thyo! pakati pa bwalo, anthu n'kumati waponda molakwa. Pulofesa Susan Stover wa ku yunivesite ya California ku Davis, amene kwa zaka zambiri wakhala akupima mitembo ya akavalo ofera m'mabwalo a California, anapeza kuti ambiri mwa iwo anali kale ndi powonongeka pamalo pomwe fupa linathyokerapo. Ngoziyo imaoneka yadzidzidzi, koma imakhala itayamba kale.

Ndipo kavalo akathyoka mwendo, nkhani yake si ya pulasitala ndi ndodo. Mu 2006 Barbaro, amene anali asanagonjepo, anapambana Derby mosavuta. Pa 20 Meyi, Preakness atangoyamba, mwendo wake wakumbuyo wakumanja unathyoka m'malo angapo, khamu likuona. Dokotala Dean Richardson wa chipatala cha New Bolton Center, cha yunivesite ya Pennsylvania, anaulumikiza ndi chitsulo ndi zomangira zoposa 20. Mafupa anayamba kugwirana. Koma kavalo sangagone pansi milungu yambiri ngati munthu wodwala, chifukwa mapapo ndi matumbo ake sizilola. Ayenera kuima, ndipo akaima kulemera konse kumapita ku miyendo inayo. Mwendo wakumanzere wa Barbaro unagwidwa ndi laminitis, matenda amene timinofu tolumikiza chiboda ku fupa timatupa n'kuyamba kulekana. Ululu wake ndi wosaneneka. Pa 29 Januwale 2007 madokotala anamubaya jakisoni womupumitsa. Nkhani ya Barbaro si umboni woti milungu iwiri ndiyo imathyola miyendo, koma aliyense wosunga kavalo wa Derby amaikumbukira akamaganiza za Baltimore.

Otsutsa nawo ali ndi mfundo zawo, ndipo si zopepuka. Amati akavalo akale ankathamanga pafupipafupi popanda phokoso lonseli. N'zoona: mu 1948 Citation anapambana Derby ndi Preakness, n'kukathamanganso mpikisano wina, Jersey Stakes, asanakamalize ndi Belmont. Cha m'ma 1960 kavalo wa mpikisano ku North America ankathamanga pafupifupi ka 11 pa chaka. Lero ndi ka 6. Mu 2025 momwemo, Journalism, amene anali wachiwiri mu Derby, anapita ku Baltimore n'kupambana Preakness, ndipo anathamanganso Belmont. Iwo amati ngati Journalism anatha, Sovereignty akanalepheranji?

Sayansi nayo sikuti yonse ili kumbali ya opumitsa. Kavalo akasiya ntchito yolemetsa, ndi pamene maselo ogumula aja amagwira ntchito mwakhama. Ndiye amene wapuma mwezi umodzi kapena iwiri n'kubwezeredwa pa liwiro mofulumira akhoza kukhala ndi fupa lofooka kuposa mnzake amene sanasiye kuthamanga. Milungu isanu siichiritsa mng'alu. Chimene imapereka ndi mpata: mpata woti kavalo abwezeretse thupi limene linatsika, ndiponso woti anthu amuyang'anitsitse. Wosamalira khola amaona ngati wamaliza chakudya m'chodyeramo, amapapasa miyendo m'mamawa kumva ngati pena pakutentha, amamuthamangitsa pang'onopang'ono pamalo olimba dokotala akuyang'ana mutu, chifukwa kavalo womva kupweteka mwendo wakutsogolo amadzutsa mutu mwendowo ukamaponda. Pakakhala chikayiko pali makina. Kuyambira kumapeto kwa 2019 bwalo la Santa Anita ku California lili ndi makina a PET ojambula miyendo kavalo ali chiimire, amene amaonetsa pamene fupa likudzikonza kwambiri mng'alu usanaonekere.

Palinso ndalama, tisanamizane. Kavalo wamphongo wopambana Derby chuma chake chachikulu si mphoto za pabwalo, koma zaka zimene adzakhale akukwera zazikazi eni ake akulipiritsa. Mwini wake akamati akuteteza kavalo, akutetezanso thumba. Sindikuona cholakwika pamenepo. Pamene thumba ndi thanzi la nyama zikuloza mbali imodzi, nyama ndiyo yapindula. Zimavuta zikasiyana, ndipo m'pake kuti pamenepo mawu omaliza asakhale a mwini. Mu 2023 Forte, amene ambiri ankati ndiye apambane Derby, anachotsedwa m'mawa wa tsiku la mpikisano dokotala wa boma atapeza kuti chiboda chake chakutsogolo chili ndi polalira magazi. Mmodzi mwa eni ake, Mike Repole, sanakondwe, koma lamulo linagwira ntchito, ndipo Preakness nayenso anamudutsa. Chaka chomwecho akavalo 12 anafa pa Churchill Downs m'milungu yochepa, mpaka mipikisano yotsala inasamutsidwira ku bwalo la Ellis Park.

Kwa ine Mott sanalakwe. Kavalo wa zaka zitatu ndi mwana ndithu, mafupa a msana wake amakhala asanamalize kukhwima, ndipo munthu amene amamuona tsiku ndi tsiku amadziwa zimene khamu la pa TV silingaone. Ngati masiku a Triple Crown sakugwirizananso ndi mmene akavalo a lero amaphunzitsidwira, chosavuta kusintha ndi kalendala. Rich Strike, wopambana Derby mu 2022, nayenso analumpha Preakness ali bwinobwino, ngakhale kuti iye ku Belmont anangokhala wachisanu ndi chimodzi. Kupuma sikulonjeza chipambano.

Sovereignty anapambana Belmont pa 7 Juni pabwalo la Saratoga, Journalism ali pambuyo pake, ndipo mu Ogasiti anapambananso Travers Stakes pabwalo lomwelo. Kumapeto kwa Okutobala, ali kale pabwalo la Del Mar kukonzekera mpikisano wa Breeders' Cup Classic, anatentha thupi, ndipo Mott anamuchotsanso pa mndandanda. Mpikisanowo, pa 1 Novembala, anapambana Forever Young wa ku Japan.