Minga ya nsomba ndi ndere: chakudya cha nthaka chochokera m'nyanja

Ku Norway, nsomba ikalowa m'fakitale, chimene chimapita kumsika ndi mnofu. Mitu, minga, khungu ndi matumbo zimatsala, ndipo pa nsomba zina zotsalazi zimakwana theka la kulemera kwake. Nazonso ndere za m'nyanja yamchere, monga Ascophyllum nodosum imene imamera pamiyala m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic, zikafinyidwa kuti apangire zinthu zina zimasiya zotsala zambirimbiri. Akatswiri a bungwe la NORSØK ku Tingvoll akhala akuyesa zotsalazi m'minda ya alimi amene sathira feteleza wa m'fakitale.

Nzeruyi ndi yakale. Pa zilumba za Aran ku Ireland, kumene pansi ndi thanthwe, anthu ankasenza ndere ndi mchenga, n'kuziyala pamwala mpaka kupanga dothi lolimapo mbatata ya kachewere.

Chinsinsi chake chagona pa zakudya zitatu zimene timaziona pathumba la feteleza wokulitsa: N, P ndi K. Mnofu wotsalira ndi matumbo zili ndi nayitrojeni (N), amene amabiriwitsa masamba. Minga ili ndi fosforasi (P), wothandiza mizu, komanso kasiyamu. Koma potaziyamu (K) mu nsomba ndi wochepa, ndipo apa mpamene ndere zimalowerera, pakuti izo zili naye wambiri. Zikasakanizidwa, china chimakwaniritsa chimene chinzake chikusowa. Ndere zikawola zimathandizanso dothi kusunga chinyontho.

Nkhani ya fosforasi njofunika kuiganizira mofatsa. Amakumbidwa m'migodi, ndipo pafupifupi magawo 70 pa 100 aliwonse a miyala yake yodziwika ali ku Morocco. Kutaya minga ya nsomba ndiko kutaya chuma chimene maiko ambiri amachita kugula kunja.

Komabe si chilichonse chochokera m'nyanja chimene chili chabwino m'munda. Mchere ukachuluka umawotcha mbewu ndi kuumitsa nthaka. Ndere zina zimayamwa poizoni monga arsenic ndi cadmium. Kuyambira mu 2011, ndere za Sargassum zakhala zikuunjikana m'magombe a Caribbean, ndipo arsenic ndiye akuchititsa kuti akatswiri achenjeze alimi kuti asazithire m'minda ya chakudya zisanayezedwe.

Kuno kwathu nyanja ndi yopanda mchere, koma matumbo ndi mamba a nsomba zimatayidwa tsiku ndi tsiku m'madoko ndi m'misika. Zimenezi zikhoza kulowa m'dzenje la kompositi: mapesi kapena udzu wouma pansi, zotsala za nsomba pakati, dothi lochindikala pamwamba kuti ntchentche ndi agalu zisafikepo. Muluwo utenthe ndi kuwolerana mpaka fungo litatha, kenako manyowa apite kudimba. Mlimi amene akulira ndi mtengo wa feteleza ayenera kudziwa kuti gawo la chakudya cha mbewu zake likuwolera pagombe.