Timatelesikopu Tosonkhanitsa Kuwala kwa Nyenyezi

Mphamvu ya telesikopu, chipangizo choonera zakuthambo, imagona pa kuchuluka kwa kuwala komwe imasonkhanitsa, ngakhale ambiri amaganiza kuti ntchito yake ndi kukulitsa zinthu basi. Mfundo imeneyi ndiyo yachititsa kuti timatelesikopu tamakono, toyendetsedwa ndi foni ya m'manja, tizijambula zinthu zomwe kale zinkafuna zida zolemera ndi luso la zaka zambiri. Seestar S50, yomwe kampani ya ku China ya ZWO idatulutsa mu 2023, ili ndi galasi lotambalala mamilimita 50 okha, ndipo munthu amainyamula ndi dzanja limodzi.

Mwini wake akaikhazika panja n'kusankha pafoni chomwe akufuna kuona, telesikopuyo imajambula kachigawo ka thambo n'kuyerekeza nyenyezi za pachithunzicho ndi mapu omwe idasunga, ndipo ikazindikira komwe yaloza imatembenuka yokha n'kumalondola chinthucho pamene dziko likuzungulira. Chinsinsi chenicheni, komabe, chili pa kusanjikiza zithunzi. Kamera yake imatenga zithunzi za masekondi 10 chimodzichimodzi, ndipo chilichonse pachokha chimakhala cha mathothomathotho chifukwa kuwala kofika n'kochepa. Koma popeza timadontho tosokonezato timagwa mwachisawawa, pomwe kuwala kwa nyenyezi kumagwera pamalo omwewo, kuphatikiza zithunzi mazanamazana kumazimiritsa timadonthoto pang'onopang'ono. Phindu lake silibwera msanga, pakuti kuti chithunzi chiyere kawiri pamafunika nthawi yochuluka kanayi. Diso la munthu silisunga kuwala chotere, n'chifukwa chake mtambo wa mpweya wa Orion, womwe uli pafupi ndi nyenyezi zitatu za Akamwiniatsatana ndipo kuwala kwake kumayenda zaka zoposa 1,300 kuti kufike kuno, umaoneka wotuwa ndi maso koma pachithunzi umafiira chifukwa cha mpweya wa haidrojeni.

Timatelesikoputi tili ndi malire ake: Jupiter ndi Saturn amaoneka ang'onoang'ono kwambiri, ndipo ena okonda zakuthambo amadandaula kuti kuyang'ana pafoni sikufanana ndi kusuzumira m'galasi ndi diso. Dandaulolo n'lomveka, koma silichotsa phindu lomwe sayansi yapeza. Kampani ya Unistellar ya ku Marseille, mogwirizana ndi bungwe la SETI Institute la ku America, imalumikiza eni matelesikopu ake kuti aziyeza zochitika zakuthambo limodzi. Mu Seputembala 2022, pamene chombo cha NASA chotchedwa DART chidagunda dala thanthwe lakuthambo la Dimorphos pofuna kuyesa ngati njira ya thanthwe lotere ingapatutsidwe, ena mwa eni matelesikopuwa a pachilumba cha Réunion ndi ku Kenya adajambula kuwala kwa pamalopo kukuwonjezeka ndi fumbi likumwazika, ndipo zomwe adayeza zidasindikizidwa m'magazini ya sayansi ya Nature mu 2023.