Printer ikasowa pa Remote Desktop, yambani ndi izi

Ena mwa eni mashopu a hardware ndi ma wholesale ku Gulliver ndi ku Shire, mu Area 49, amasunga mabuku awo pa kompyuta imodzi imene ili ku shopu yaikulu ku Old Town. Wogulitsa wa ku nthambi amalowa m'kompyutayo kudzera pa Remote Desktop. Zimayenda bwino mpaka kasitomala wogula matumba 20 a simenti atafuna invoice, koma printer ya pakauntala osaoneka pa mndandanda. Kasitomala wotero sadikira, mashopu ali mbali ndi mbali.

Kawirikawiri printer imakhala ilibe vuto. Kompyuta yakutaliyo siiona printer payokha. Imauzidwa ndi kompyuta ya pashopu panthawi yolumikizana. Ndiye choyamba n'kutseka Remote Desktop ndi kusindikiza tsamba loyesera kuchokera pa kompyuta ya pashopupo. Likakana, vuto lili pomwepo: chingwe cha USB, driver, kapena printer yatsalira pa Offline magetsi a ESCOM atabwera.

Likatuluka, wogulitsa atsegule Remote Desktop Connection, adine Show Options, kenako Local Resources, n'kuona ngati pa Printers pali chizindikiro. Pamenepa m'pamene ambiri amakodwa, ndipo ena amalipira katswiri ndi thiransipoti yomwe chifukwa cha kabokosi kamodzi. Akachonga, atuluke ndi Sign out, osati kungodina X, chifukwa X amasiya session yakale ikadali yamoyo. Polowanso, dzina la printer liyenera kuoneka ndi mawu akuti redirected kutsogolo kwake.

Zikakanikabe, ntchito yatsala ku kompyuta yaikulu. Kumeneko Print Spooler ikhoza kukhala itaima, ndipo imadzutsidwa mu Services. Mwinanso woyang'anira anatseka dala njirayi mu Group Policy, pa lamulo la Do not allow client printer redirection.

Ma printer aang'ono a malisiti ndiwo amavuta kwambiri. Driver ya Easy Print, imene Microsoft inayambitsa mu Windows Server 2008, imagwira bwino pa mapepala a A4, koma lisiti la 80mm nthawi zina limatuluka lodukaduka. Mankhwala ake n'kuika driver yofanana ndendende pa makompyuta onse awiri.

Amene amagwiritsa ntchito AnyDesk kapena TeamViewer asavutike kufunafuna Local Resources. Mapulogalamu amenewa ali ndi driver yawoyawo yosindikizira, imene imaikidwa kuchokera m'ma Settings awo.